Tsiku limene a besi anapitirira kiyibodi

Popeza kavidiyo kaja ka pulakatisi ya kwaya yathu kafika kale mpaka kwa alamu anga ku Mzuzu, ndipo ena mwa inu mwayamba kundipatsa moni ndi timawu ta m'mphuno tikakumana pa depoti, bola nkhaniyi muimve kwa mwini wake. Wojambula uja anayambira pakati. Anakuonetsani a besi akutuluka thukuta, koma za ine amene ndinasala tulo chifukwa cha pepala la nyimbo lija sananenepo kanthu.

Choyamba, ntchitoyi sindinaipemphe. Pa komiti a tcheya anangondiyang'ana n'kunena kuti, "A sekilitale, paja si inu muli ndi laputopu?" Nkhani n'kuthera pomwepo. Mnyamata wathu watsopano wa kiyibodi anaphunzira zoimba ku koleji, ndiye anati solofa wathu wa d r m f amamuchedwetsa, akufuna manoti a pamizere isanu. Nyimboyo anapeka okha a kwayamasitala, n'kuilemba ndi bolopeni pa pepala la m'kope. Ine inandifika pa WhatsApp, chithunzi chojambulidwa usiku, chala chawo chachikulu chikuonekera pakona.

Mphwanga anati nditenge MuseScore, ndizingodina manoti ndi mausi. Ndinakana. Ndinali nditapeza LilyPond, pulogalamu yaulere imene anaiyamba anthu awiri a ku Netherlands, Han-Wen Nienhuys ndi Jan Nieuwenhuizen, mu 1996, ndipo chinandikopa n'chakuti sujambula kalikonse. Umangotaipa zilembo, c d e f g, n'kuika nambala ya kutalika kwa noti, 4 kugunda kumodzi, 2 kuwiri, iyo n'kukutulutsira PDF yoti munthu angalumbire kuti yang'ambidwa m'buku. Ife amene tinakulira pa solofa kulemba nyimbo ndi zilembo si zachilendo. Ndinaikanso Frescobaldi, kumanzere ndikutaipa, kumanja pepala likutuluka, ndipo madzulo amenewo ndinadya nsima ndikudzimva.

Musaiwalenso kuti zina ndinazigonjetsa ndekha. Nyimboyi ili mu G. Munthu ungaganize kuti ukalemba \key g \major ndiye kuti f aliyense azikwera yekha. Ayi ndithu, umayenera kulemba fis paliponse pamene akupezeka, ndipo mayina amenewo ndi achidatchi. Mawu a nyimbo ndinawaduladula ndi timizere tiwiritiwiri, ku -- ta -- ma -- nda, mpaka chilichonse chinakhala pansi pa noti yake. Pamenepo palibe anatulutsa foni kuti andijambule.

Mutu unayamba kuwawa nditaona masamba. Nyimbo ya tsamba limodzi la m'kope inatuluka masamba atatu. Pamwamba zinali bwinobwino, sopulano ndi alito pa mizere yawo, tena ndi besi pansi pake, mawu pakati. Koma ukamatsika, mpata wa pakati pa amayi ndi abambo umangokulirakulira, moti kumapeto ukanatha kulembamo kalata yonse ndi adiresi yomwe. Mumpatamo munali timizere tifupitifupi tosanjikana, tokwera m'mwamba ngati makwerero, kanoti kamodzi katakhala pamwamba penipeni.

Apa ndi pamene ena mukuti ndikanazindikira. Ndikanazindikira bwanji? Manoti a pamizere ine sindiwerenga, ndipo komiti imadziwa zimenezo pondipatsa ntchito. Ndinangoti mwina nyimbo za anthu ophunzira zimaoneka choncho. Ena mukuti ndikanaika \midi n'kumvetsera. Sipika ya laputopu yanga inafa kalekale, funsani aliyense amene anaonerapo mpira kwathu. Chimene chinali m'mutu mwanga ndi mayi msungichuma, amene anali atanena kale kuti fotokope ndi tsamba limodzi pa munthu, lachiwiri wolemba alipira yekha.

Ndiye ndinalowa nkhondo ya masamba. Pali lamulo la #(set-global-staff-size 20), ndipo 20 ndi kukula kumene pulogalamuyi imayambira. Ndinatsitsa pa 16, masamba atatu omwe aja. Pa 13 anatsala awiri. Pa 11 manoti anachepa moti ndinachita kuvula magalasi n'kuwapukuta, koma kachidutswa kanatsalirabe tsamba lachiwiri. Ndinapita mu \paper n'kulemba page-count = #1, kuti kaya zivute bwanji, tsamba ndi limodzi. Pansi pa Frescobaldi panatuluka chenjezo loti "compressing music to fit". Ndinayankha mokweza kuti finyani ndithu, ndicho ndakuitanirani.

Mpata uja umandinyansabe. Ndinapeza pa intaneti kachidutswa ka Scheme koti kayandikitse mizere. Amene simudziwa, chilichonse choyamba ndi # mmenemo ndi chinenero china chotchedwa Scheme, ndipo chimenecho chimakhala mabulaketi okhaokha. Lililonse lotsegula lifuna lake lotseka. Pokopera pa foni limodzi la kumapeto linatsalira, ndiye pepala lonse linakana kutuluka, uthenga n'kubwera woti Guile, pulogalamu yowerenga Scheme, yapeza vuto kuyambira apa. Apa pake pamene amalozapo panalibe cholakwika chilichonse chooneka ndi maso. Ndinatenga kamtengo ka machesi n'kuyamba kuwerenga mabulaketi pa sikilini, otsegula chala chimodzi kudzanja lamanzere, otseka n'kupinda chalacho.

Mayi a kunyumba anasuzumira pakhomo.

"Abambo, usiku uno mukuwerenga chiyani?"

"Mabulaketi."

"Mukawapeza muzimitse getsi."

Ndinalipeza. Ndinalibwezera pamalo pake, pepala linatuluka, mpata uli gwa pomwe paja. Tsopano ndikudziwa kuti pulogalamuyi imakankha mizere dala kuti manoti asagundane ndi a pamwamba pake, ndiye imangosungira malo timizere tija. Koma tsamba linali limodzi, ndipo lonjezo langa kwa mayi msungichuma linali lomwelo.

Loweruka pa pulakatisi mapepala anagawidwa. Amayi ena anawatembenuza, ena anayamba kudzikupiza nawo. Mnyamata wa kiyibodi analiyandikitsa kumaso, n'kulitalikitsa, n'kuliyandikitsanso. Anandiyang'ana, anayang'ana a kwayamasitala, sananene kanthu. Mwana waulemu kwambiri ameneyu, ndipo ulemu wakewo ndi umene unatipweteka. A kwayamasitala anati tiyambe ndi a besi okha, popeza ndi amene amasochera. Ndipo mawu awa muwasunge, chifukwa mu vidiyo mulibe: "Abambo, lero sindikufuna zoimba za m'mutu mwanu. Kumene yapita kiyibodi inunso komweko."

Gawo la besi m'nyimboyi ndi lophweka, manoti anayi obwerezedwa kasanu ndi kamodzi: do wapansi, fa, so, n'kubwerera ku do. Ulendo woyamba unayamba bwino, mawu okhuthala, mabenchi akunjenjemera. Noti yomaliza yokha inakwera m'malo motsika, koma a kwayamasitala anangokweza nsidze, dzanja likugundabe.

Ulendo wachiwiri a besi anapezeka ali kwa a tena, ndipo pomaliza anali atawadutsa. Makosi anatalika. Bambo wina anamasula batani la pakhosi osasiya kuimba.

Ulendo wachitatu ndi umene mwauonera kambirimbiri uja. Amuna akuluakulu, ena a zidzukulu, akuimba mawu a ana a Sande sukulu, maso ali kudenga, mitsempha ili njo. Ambiri anagwera panjira mmodzimmodzi, wina akunamizira chifuwa, wina akuyang'ana foni imene sinaitane. Anatsala a mkulu wa mpingo aja a ndevu zoyera, amene chibadwire sanasiyepo nyimbo pakati. Anagwira benchi ya kutsogolo ndi manja onse, anaimirira pa zala za kumapazi, n'kutulutsa do amene ngakhale a sopulano athu amamufika pa tsiku labwino lokha. Galu wa alonda anadzuka panja n'kuyankha.

Mnyamata uja nthawi yonseyi amangosuntha. Anayambira kumanzere kwa kiyibodi, dzanja lamanzere linadutsa pakati, linadutsa pamene pamakhala lamanja, iye akukoka mpando pang'onopang'ono, khwee, khwee, kulitsatira. Cholembera chili kudzanja lina akuwerengera timizere tija. Ulendo wachinayi a mkulu aja pakamwa panali potsegula, chibwano chikunjenjemera, koma mawu panalibe. Ine ndimakhulupirira kuti amaimba ndithu, makutu athu ndi amene analephera.

Kiyibodi yathu ndi ya makiyi 61. Ulendo wachisanu do analira, fa analira pa kiyi yomaliza yeniyeni ya kumanja, kamawu kakang'ono koti nswii. Kenako inafika nthawi ya so. Chala chinakwera, chinatsika, n'kugunda pulasitiki. Tonse tinamva kuti kho. Anachikwezanso, anayang'ana pepala, anawerenganso timizere, tonse 12, n'kugundanso pulasitiki yomwe ija mwaulemu, mwina poganiza kuti nthawi ino ilira. A kwayamasitala dzanja linali lidakali m'mwamba kudikira noti. Mnyamatayo anatambasula mkono kupitirira kiyibodi, chala chili m'malere pamwamba pa chikwama cha mayi msungichuma, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bambo, do wotsatira ali cha apa." Mayiwo anakokera chikwama pamiyendo.

"Nanga ulendo womaliza?" anafunsa a kwayamasitala.

Analoza kuwindo. Anati ngakhale piyano yaikulu ya makiyi 88 ikanathera panjira.

Zotsatira zake mukuzidziwa, amayi a alito atagwirana mapewa, wina atakhala pansi penipeni misozi ili chuchuchu. Chimene simukudziwa n'chakuti vutolo linapezeka pasanathe mphindi ziwiri. Laputopu ndinali nayo m'chikwama. Mu Frescobaldi ukadina noti pa pepala, imakufikitsa pa chilembo chake chenicheni. Mnyamata uja anadina, tinaona g c d g, iye n'kunena kuti, "Achimwene, apa pasowa kampatuliro." Kachizindikiro aka (,) basi.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa mlandu wanga wagona apa. Ndinalemba besi mkati mwa \relative, njira imene imapulumutsa munthu kuti asamanene okitevu ya noti iliyonse (okitevu ndi kuchoka pa do kufika pa do wotsatira). Pulogalamu imangoyang'ana noti yapita n'kusankha yoyandikana nayo kwambiri. Kuchoka pa d kupita pa g wa m'mwamba ndi masitepe atatu, kupita pa g wapansi ndi anayi. Ndiye ukapanda kuiuza, imakwera. Kuti itsike umalemba g, ndi kampatuliro kumbuyo kwake, ndipo kuti ikwere patali umaika kachizindikiro ka m'mwamba kaja ka m'mawu oti ng'ombe. Mzere umodzi umenewo ndinaukopera n'kuumata kasanu, monga angachitire aliyense wosafuna kutaya nthawi, ndipo uliwonse umayambira pamene unzake wathera. Okitevu imodzi pa ulendo.

Mu solofa zoterezi sizingachitike, ndipo ichi ndinanena pamaso pa onse. Noti iliyonse imanyamula kachizindikiro kake, ukaphonya imodzi yalakwika yomweyo, inzake ili bwino. Komanso pa chithunzi cha a kwayamasitala, kachizindikiro ka pansi pa do womaliza kanagwera popinda pepala. Chithunzicho ndikadali nacho, wofuna abwere adzaone. Iwo akuti kakuoneka. Kakuoneka ukadziwa kale kuti kalipo.

Mnyamata uja anawonjezera zina zimene sindinamufunse. Akuti ndikanalemba \repeat unfold 6 m'malo momata, mzerewo ukanangobwerezedwa pamalo amodzi osakwera. Akuti pali \octaveCheck imene imachenjeza noti ikachoka pamalo pake, ndipo amene sakhulupirira \relative amagwiritsa ntchito \fixed, mmene noti iliyonse imadziimira payokha. Zonsezi amazidziwa pamene amalandira pepala lija n'kukhala chete. Ine ndiye woseketsa, iye amene anaona timizere 12 pamwamba pa besi n'kuganiza kuti tiyeni tione kumene tikafike, ameneyo mukuti ndi katswiri.

Titaika timipatuliro tonse, timizere tinazimiririka, mpata unatsekeka, nyimbo inakwana tsamba limodzi pa 20 yemwe uja, malo n'kutsalako. Kachidutswa ka Scheme kaja tinakafufuta, page-count yemwe. Ndalama ya fotokope yachiwiri inatuluka m'thumba mwanga, mayi msungichuma atakana ngakhale kukambirana.

Ndimayesa zatha, koma Lamulungu titaweruka a kwayamasitala anandikokera pambali, pepala latsopano lili m'manja, chala chili pansi penipeni pa tsamba pamene pulogalamu imadzilembera dzina lake.

"A sekilitale, nyimboyi ndinapeka ndine. Lily ameneyu ndani, ndipo walowamo bwanji?"

Ndinawafotokozera kuti si munthu, ndipo zimachoka ukalemba tagline = ##f mu \header. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu, n'kunena kuti ayi, ndimuuze yekha Lilyyo kuti akafuna kulowa kwaya fomu ili kwa a tcheya. A mkulu a ndevu zoyera aja mawu sanabwererebe bwinobwino, akuti ndiwagulire uchi. Sindinagule.