Madzi a Lunyangwa sapita ku Nkhata Bay

Ndagona kalekale koma tulo sitikubwera. Chikundisautsa ndi bambo uja wa mu minibasi, makamaka poti iye ndiye ananena zoona.

Tinali titasiya msewu wa M1 kulowera ku Rumphi. Pa mlatho wa Njakwa mtsinje unali utadzaza, madzi ofiirira ngati tiyi wa mkaka wochepa, akudzipanikiza pakati pa mapiri. Pongofuna kucheza, ndinauza bambo wachikulire amene tinathinana naye mpando wakumbuyo kuti, "Adada, Rukuru wakwiyatu chaka chino."

"Mumakhala kuti mwana wanga?"

Ndinati ku Mzuzu.

"Ndiye madzi anu a ku Mzuzuwo akumana ndi awa cha konkuno."

Ndinaseka. Ndinati ayi adada, Lunyangwa amatsikira ku Nkhata Bay, n'pafupi, makilomita pafupifupi 50 basi, ndipo msewu wonse ndi wotsetsereka. Ndinanena mokweza ngati munthu wodziwa, mpaka kondakitala anacheuka.

Bambo uja sanakangane nane. Anangotambasula dzanja lake lamanzere, n'kuyamba kulemba pachikhatho ndi chala. Apa ndi mapiri a Viphya, akutchinga nyanja ngati mpanda. Lunyangwa ali kuseri kwa mpandawo, ndiye amalowera cha ku Ekwendeni n'kukathira mu Kasitu. Kasitu naye amachokera ku Viphya komweko, amayenda chakumpoto mpaka adzakumane ndi South Rukuru. Kenako anayika chala pafupi ndi mkono: Rukuru mwini wakeyu amayambira kumwera kwa boma la Mzimba, amalandira mtsinje wa Mzimba, amadutsa ku Vwaza pa nyanja ya Kazuni pomwe pamakhala mvuu, amatenga mtsinje wa Rumphi wochokera ku Nyika, n'kubowola pa Njakwa pano. Akatero adutse chigwa cha Henga, agwere kunyanja ku Mlowe.

"Mwamva tsopano?"

Mayi wina wonyamula nkhuku m'dengu anaseka osabisa. Ine ndinangoti, "Chabwino adada," n'kumayang'ana panja.

Zaka zonsezi ndikumwa madzi a damu la Lunyangwa, kulipira bilu mwezi ndi mwezi, osadziwa kumene mtsinjewo ukupita. Mwina vuto ndi mapu a kusukulu. Kumpoto kumakhala pamwamba pa pepala, ndiye m'mutu mwanga mtsinje woyenda chakumpoto umaoneka ngati ukukwera phiri. Kwathu ku Dedza tinkaloweza Linthipe, Bua, Shire, basi. Za Rukuru ndinkaganiza kuti ndi mtsinje umodzi wogawanika pawiri. Lero ndi pomwe ndatsimikiza kuti North Rukuru ndi wina payekha, wochokera ku Nyika, wothira m'nyanja ku Karonga. Izi sindinamuuze bambo uja, manyazi anali atakwana kale.

Panali china chomwe ananena tikuyandikira pa boma, ine nditasiya kale kuyankha. Anati malire a Malawi ndi Zambia cha kumadzulo kwa Mzimba amatsatira mtunda umene umagawa madzi. Mvula yogwa mbali ino ndi ya Rukuru, yogwa mbali inayo imapita ku Luangwa. Mtambo umodzi, koma ena akathere m'nyanja yathu n'kutuluka pa Shire ku Mangochi, ena azungulire dziko la eni. Onse adzakumana mu Zambezi. Pamenepo ndinafuna kumufunsa ngati anali mphunzitsi, koma pakamwa panalemera. Anatsika osatsanzika, thumba la feteleza lopanda kanthu lili m'khwapa.

Pobwerera ndinakhala kuwindo, ndikuyang'ana chigwa cha Kasitu ngati ndikuchiona koyamba. Minda ya chimanga yafika mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, malo ena dothi likugumukira momwemo. Kufiira kuja kwa pa Njakwa n'kutheka ndi minda ya anthu a ku Mzimba imene ikupita kunyanja.

Sindikudziwa chifukwa chake zandikhudza chonchi. Kapena ndi kuseka kwa mayi uja. Kapena n'chifukwa ndinanena mokweza kwambiri. Posachedwapa ndadzuka kukamwa madzi, ndatsegula mpopi, ndaimirira mumdima kumamvera akugwera mu sinki. Mawa ndili ndi lipoti loti ndilembe, ndipo sindinaliyambe n'komwe.