Kebulo inali yolumikiza, koma mafayilo ankadutsa kwina

Mu Ogasiti ndinapita ku Mkaika kukajambula mwambo wa Kulamba, ndipo ndinabwerera ku Chipata ndi mavidiyo okwana 60 GB pa laputopu. Ntchito yodula ndi kulumikiza mavidiyo ndimaichitira pa kompyuta yaikulu ya kuchipinda, choncho zonsezo zinayenera kusamukira kumeneko. Makina awiriwa ali pa Wi-Fi ya rauta ya 4G yomwe imakhala pabalaza, komanso ndinawalumikiza mwachindunji ndi kebulo ya Cat5e yomwe ndinapanga ndekha nditayamba kuphunzira za netiweki. Ndinkadzitama nayo kebuloyo.

Nditayamba kukopera, Windows inaonetsa 3 MB pa sekondi, nthawi yotsala maola oposa asanu. Ndi mmene magetsi amazimira masiku ena, maola asanuwo ndinalibe.

Ndinayamba ndi kukaikira ma virus. Kenako ndinawerenga za metric, nambala yomwe Windows imapatsa adaputa iliyonse (khomo lolumikizira netiweki, monga la Wi-Fi kapena la kebulo) kuti idziwe yoyamba kugwiritsa ntchito, yaing'ono ndiye imapambana. Ndinatsitsa ya kebulo, ndinakweza ya Wi-Fi, ndinazimitsa ndi kuyatsanso. Palibe chinasintha. Usiku wonse unapita pamenepo.

M'mawa alamu anga anabwera kudzatenga njinga yawo. Iwo amakonza makompyuta pafupi ndi msika wa Kapata. Atamva dandaulo langa anangoti, “Alamu, tatsegulani Task Manager muone adaputa yomwe ikutuluka thukuta.” Ndinatsegula pa Performance. Mzere wa Wi-Fi unali pamwamba, wa Ethernet, womwe ndi wa kebulo, uli gone ngati msewu wopanda galimoto. Kebulo yanga yonyadira ija sinanyamule ngakhale fayilo imodzi.

Apa ndi pomwe ndinamvetsa chinthu chomwe m'kalasi ndinkangolemba m'kope. Kompyuta yokhala ndi ma adaputa awiri imakhalanso ndi ma adiresi awiri. Ine ndinkatsegula foda ya kompyuta yaikulu pogwiritsa ntchito dzina lake, ndipo dzinalo linkamasuliridwa kukhala adiresi ya ku Wi-Fi, ija yoyamba ndi 192.168. Njira yopita ku adiresi imeneyo inali imodzi yokha, yodutsa pa rauta. Metric imagwira ntchito pamene pali njira ziwiri zofika pa adiresi imodzimodzi, ndiye ine ndinkauza makina kuti asankhe pomwe panalibe chosankha. Kuonjezera apo, pa Wi-Fi fayilo imayenda mumlengalenga kawiri, kuchoka pa laputopu kupita pa rauta, kenako kuchoka pa rauta kupita pa kompyuta inayo, zonsezo pa 2.4 GHz yomwe mafoni a m'nyumba muno akulimbiranso. Zili ngati kusamutsa matumba a chimanga pa njinga zonyamula anthu za mu tauni muno, lole ili chiimire panja.

Nditalemba ipconfig, lamulo loonetsa ma adiresi a kompyuta, ndinaona kuti mbali ya kebulo inali ndi adiresi yoyamba ndi 169.254, yomwe Windows imadzipatsa yokha ikasowa woipatsa adiresi. Ndinaika zanga: 10.0.0.1 pa laputopu, 10.0.0.2 pa kompyuta yaikulu, subnet mask 255.255.255.0, malo a gateway ndinasiya opanda kanthu kuti intaneti ipitirize kudutsa pa Wi-Fi. Ndiye m'malo mwa dzina ndinalemba \\10.0.0.2 mu File Explorer.

Liwiro linakwera kufika 11 MB pa sekondi. Ndinasangalala, alamu ayi. Anandifunsa kuti 11 kuchulukitsa ndi 8 ndi zingati. Ndi 88. Netiweki imayezedwa mu ma bit, pomwe Windows pokopera imaonetsa ma byte, ndipo byte imodzi ndi ma bit 8. Nambala ikaima pa 11 kapena 12 osasuntha, nthawi zambiri ndi chizindikiro chakuti makina agwirizana pa 100 Mbps. Pa Status ya adaputa panalembedwadi 100 Mbps, chonsecho makhadi a netiweki a makina onse awiri ndi a gigabit, kutanthauza 1000 Mbps.

Mlandu unali wanga. M'kati mwa kebulo muli mawaya 8 opotana awiriawiri. Liwiro la 100 Mbps limangofuna mawaya anayi, alalanje ndi obiriwira, koma gigabit imafuna onse 8. Waya umodzi ukapanda kugunda bwino, makina sadandaula, amangotsika mwakachetechete n'kumagwira ntchito ngati zonse zili bwino. Titayang'anitsitsa mutu wa kebulo, wotchedwa RJ45, padzuwa, waya wofiirira unali usanafike kumapeto, unalekeza pakati. Ndinadula mutuwo, ndinayalanso mawaya bwinobwino, ndinafinya wina ndi chofinyira cha alamu chifukwa changa n'chotchipa ndipo mano ake sakumana bwino.

Status inaonetsa 1.0 Gbps. Mavidiyo akuluakulu anayenda pafupifupi 105 MB pa sekondi, ndipo 60 GB ija inatha tiyi asanazizire, mphindi khumi kapena kupitirira pang'ono. Foda ya zithunzi zing'onozing'ono zambirimbiri yokha ndiyo inkatsika liwiro, chifukwa fayilo iliyonse imatsegulidwa ndi kutsekedwa payokha, ndipo hard disk ya kompyuta yaikulu ndi yakale ija yozungulira. Zimenezo ndaziika mu zip imodzi kaye.

Metric ija ndinaibwezera pa automatic. Mutu wa kebulo wolakwikawo alamu anapita nawo, ati akaonetse anyamata awo ku shopu.