Disiki ya amalume ndi mafuwa atatu

Envulopu yaikulu ya khaki inafika kwathu ku Kalingalinga Lamlungu masana, amalume ataipanira m'khwapa. Munali zithunzi za MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi, ndi kapepala kolembedwa Chingerezi chokhachokha. Pa sofa anakana kukhala, anapempha mpando wolimba, n'kukhala cham'mphepete dzanja lili m'chiuno. Akhala akuyendetsa minibasi ya ku Matero kuyambira ine ndisanayambe sukulu, ndipo msana wawavuta zaka zinayi tsopano.

"Adokotala athu, tationerani izi mutiuze zoona."

Ine ndili chaka chachitatu cha maphunziro a physiotherapy, othandiza odwala polimbitsa thupi, udokotala ndilibe, koma pabanja ukangooneka ndi chovala choyera, basi zatha. Nkhani inali yakuti dokotala wa mafupa anawauza kuti disiki, kapilo ka pakati pa mafupa a pansi pa msana otchedwa L4 ndi L5, yatha, ndipo zikapitirira angaganizire za opaleshoni yolumikiza mafupa awiriwo, imene amati fusion. Koma msuweni wathu anali atatumiza vidiyo pa WhatsApp ya chipatala china cha ku India, yoonetsa disiki yopanga imene amaika m'malo mwa yakuthayo, munthu n'kumawerama ngati kale. Banja linali litagawikana kale.

Ndinayankha ndisanatsegule n'komwe kapepala kaja. Ndinati disiki yopanga ndiye yabwino, amalume, chifukwa ndi yamakono ndipo msana suuma. Anagwedeza mutu, amayi anadzuka kukathira tiyi, ine ndinadzimva kukula.

Lachiwiri tinali ndi phunziro la msana. Aphunzitsi anabwera ndi msana wa pulasitiki uja wothothoka fupa limodzi la m'khosi, ndipo nditawafunsa za disiki yopanga sanayankhe. Anandipatsa msanawo n'kunena kuti ndiutembenuze. Ndinali nditazolowera kuona kutsogolo kokha, kumene kuli madisiki, timapilo tija tokhala ndi mnofu wofewa pakati ndi chikopa cholimba kunja. Kumbuyo anandigwiritsa timfundo tiwiri tating'ono, kamodzi kumanja kena kumanzere, timene amati facet joints. Ndiye kuti pafupifupi pa malo alionse pamene mafupa awiri a msana akumana pali mfundo zitatu, disiki kutsogolo ndi tiwiriti kumbuyo. Ndinakumbukira mafuwa a agogo ku Katete. Fuwa limodzi likasweka ukhoza kusintha, koma ngati ena awiriwo ali ogumuka, mphika upendekekabe ngakhale fuwa latsopanolo litakongola bwanji.

Usiku umenewo ndinayamba kuwerenga mwakhama, manyazi akundikankha.

Fusion ndi opaleshoni yakale. Mu 1911 madokotala awiri a ku New York, Fred Albee ndi Russell Hibbs, aliyense payekha anayamba kulumikiza mafupa a msana pofuna kuthandiza odwala TB ya msana, matenda amene ife kuno timawaonabe m'mawodi. Masiku ano amamanga mafupa awiriwo ndi masikuluwu ndi timitengo ta chitsulo, n'kuikapo tizidutswa ta fupa, nthawi zina totengedwa pa fupa la m'chiuno la wodwala yemweyo. Chimene sindinkadziwa n'chakuti zitsulozo zimangogwirizira. Ntchito yeniyeni ndi ya thupi, kuti fupa limere n'kugwirana, ndipo zimenezi zimatenga miyezi yambiri, mwina mpaka chaka. Kwa wosuta fodya fupa limachedwa kugwirana, pena osagwirana n'komwe. Vuto lina ndi lakuti malo amodzi akauma, katundu amasamukira kwa oyandikana nawo, pamwamba ndi pansi, ndipo ena mwa odwala amadzabwereranso patapita zaka ndi ululu pa malo atsopano. Akatswiri amatsutsanabe kuti gawo lalikulu la vutoli ndi opaleshoni kapena ukalamba chabe.

Disiki yopanga inabwera kudzayankha vuto lomweli. Yodziwika kwambiri poyamba inapangidwa ku chipatala cha Charité ku East Berlin kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndi Kurt Schellnack ndi Karin Büttner-Janz. Mayi ameneyu, ndisanaiwale, anapatapo mendulo zagolide pa masewero a Olympics a ku Munich mu 1972 asanakhale dokotala wa mafupa, ndipo zinandisangalatsa kuti munthu wodziwa kupinda thupi ndiye anakana kuti msana uziumitsidwa. Chipangizocho ndi timbale tiwiri tachitsulo ndi pulasitiki yolimba pakati, ndipo ku America chinavomerezedwa mu 2004.

Zimene vidiyo ya msuweni sinanene ndi za amene sayenera kuikidwa disikiyi. Munthu wa mafupa ofooka, ayi, chifukwa chitsulo chimatha kumira m'fupa. Amene fupa lake lina latsetserekera kutsogolo, kapena msana wake ndi wokhota, kapena muli matenda monga TB, ayinso. Ndipo amene timfundo take takumbuyo tadyeka, disiki yatsopano imangochititsa kuti malo owawawo azigwedezekabe. Ukachotsa onsewa, otsala ndi ochepa, makamaka achinyamata amene vuto lawo ndi disiki imodzi kapena ziwiri basi. Polowera pake ndi pamimba, osati kumsana. Dokotala amakankhira pambali matumbo ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi kuti afike kutsogolo kwa msana, ndipo kwa amuna pali ngozi yakuti timinyewa tina tikakhudzidwa umuna umabwerera m'chikhodzodzo. Chipangizocho chikadzavuta, kuchichotsa kudzera njira yomweyo pamene pali kale zipsera ndi ntchito yoopsa kuposa kuchiika. Apa ndinaganiza za ife a ku Lusaka. Wakuika ali ku India, iwe uli ku Matero, patapita zaka zisanu chayamba kuvuta, ndalama ya ndege banja linasonkha kamodzi kokha. Upita kwa yani?

Chimene chinandigwetsa ulesi kwenikweni ndi malangizo a bungwe la NICE loona za chithandizo cha odwala ku England a mu 2016. Ine ndinkafufuza kuti pa ziwirizi yopambana ndi iti, koma iwo amati kwa munthu amene vuto lake ndi kuwawa kwa msana kokha, disiki yopanga asapatsidwe, ndipo fusion asachitidwe pokhapokha ngati ndi mbali ya kafukufuku. Mayiko ena amaona mosiyana, ndipo madokotala ambiri amachitabe maopaleshoni onse awiri kwa odwala osankhidwa bwino. Koma pali chifukwa chake. Kafukufuku wa ku Britain wofalitsidwa mu 2005, wa odwala 349, anayerekeza fusion ndi pulogalamu yamphamvu yolimbitsa thupi, ndipo patatha zaka ziwiri kusiyana kwake kunali kochepa. Kafukufuku winanso wa mu 2015 anasonkhanitsa zithunzi za anthu amene msana suwapweteka n'komwe, napeza disiki yotha mwa anthu 37 pa 100 alionse a zaka 20, ndi 96 pa 100 a zaka 80. Disiki yotha, imene imaoneka yakuda pa MRI, ili ngati imvi. Kuiona sikutanthauza kuti ndiyo ikuluma munthu.

Ndisanamizire opaleshoni kuti ilibe ntchito. Msana wothyoka, wogwedera, wodyedwa ndi TB, kapena mtsempha wopanikizika mpaka mwendo kuyamba kufooka, pamenepo mpeni umapulumutsa. Munthu akachita dzanzi pakati pa miyendo, mkodzo n'kumakanika kapena kumangotuluka wokha, imeneyo si ya mawa, ndi ya kuthamangira ku chipatala chachikulu cha UTH tsiku lomwelo. Amalume alibe chilichonse mwa izi. Awo ndi ululu wa pansi pa msana umene umakula akakhala nthawi yaitali pa chiwongolero, ndi poimirira atawongoka kapena kupindikira kumbuyo.

Loweruka ndinapita kwawo ndipo ndinawerenga kapepala kaja mzere ndi mzere. Chakumapeto kunali mawu amene tsiku lija sindinawaone, onena kuti timfundo takumbuyo pa L4 ndi L5 tadyeka mbali zonse ziwiri. Ndinatola miyala itatu pabwalo n'kuikapo kapu, kenako ndinasuntha iwiri. Kapu inagwa, azakhali anaseka.

"Ndiye zija unanena Lamlungu zija?"

"Ndinafulumira, amalume. Pepani."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anatulutsa paketi ya fodya m'thumba la malaya n'kuibwezeramo osatsegula, poti ndinali nditawauza kale za fupa losagwirana. Atandifunsa za physiotherapy imene anachitapo, zinapezeka kuti anapita kawiri kokha, anawawotcha ndi nyali, n'kusiya chifukwa tsiku limodzi osayendetsa basi ndiye kuti cashing ya abwana yasowa. Pulogalamu yeniyeni ya miyezi ingapo sanaiyesepo.

Tinalemba mafunso kumbuyo kwa envulopu yomwe ija, oti akawafunse adokotala awo: n'chiyani chikutsimikizira kuti ululu ukuchokera pa disikiyi, timfundo todyekato tikusintha chiyani pa zosankha, akhala miyezi ingati osagwira chiwongolero, ndipo akadikira chaka akulimbitsa thupi ataya chiyani. Funso lachisanu anawonjeza okha, ndi cholembera changa, m'zilembo zikuluzikulu: ngati NHIMA, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo, ilipirako. Msuweni uja watumizanso vidiyo ina dzulo, sindinaitsegule.