Kaboni wa Nyenyezi Zakale Anachokera Kuti?

Chimene chimandichititsa chidwi ndi nyenyezi zakale za m'mphepete mwa mlalang'amba wathu, zomwe zakhalako zaka zoposa mabiliyoni 10, n'chakuti zina zili ndi kaboni wambiri amene sizinapange zokha. Nyenyezi zoterezi nthawi zambiri zimakhala ziwiriziwiri, zikuzungulirana. Yaikulu ndi imene imayamba kukalamba: imafufuma, n'kupanga kaboni ndi chitsulo china chotchedwa barium mkati mwake, kenako imamwaza zinthuzo pang'onopang'ono ndipo inzake yaing'ono imatolako. Pamapeto pake yaikuluyo imasanduka kanyenyezi koyera kozilala, kovuta kukaona. M'zaka za m'ma 1980, katswiri wa zakuthambo Robert McClure anapeza kuti nyenyezi zambiri za mtunduwu, zotchedwa CH, zimasunthasuntha mobwerezabwereza, umboni wakuti zinzake zobisikazo zikuzikokabe mpaka lero.