Masiku anayi laputopu ili chete, kenako "ding"

Dzulo usiku cha m'ma 11 koloko laputopu yanga inatulutsa mawu. Ndi kamawu kakang'ono ka Windows kaja basi, koma ndinakuwa mpaka mayi a kunyumba anadzuka n'kufunsa ngati kwalowa akuba.

Amene mumawerenga zolemba zangazi mukukumbukira kuti ndinagula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, Core i5 ya m'badwo wa 8, yoti ndizijambulira kwaya yathu Loweruka masana. Ndinaipukuta yonse n'kuikamo Windows 10 ya 64-bit. Wi-Fi inadzuka, kamera inadzuka, koma kasipika ka pakona kanali ndi mtanda wofiira.

Ine m'mutu mwanga: Realtek, kampani yopanga chip ya mawu, nanga n'chiyaninso? Ndinadikira bandulo ya usiku n'kudawuniloda driver wake, kapulogalamu kothandiza Windows kuyendetsa chip imeneyo. Installer imayenda mpaka pafupi kumapeto, kenako n'kulavula Error Code -0001. Kuzimitsa, kuyatsa, kuyesanso, yomweyo. Tsiku lachiwiri ndinakabwereka fulashi kwa mnyamata wina wokonza makompyuta ku Limbe, uja ndimagulako ma jack ndi zingwe za XLR. Zingwe zake n'zolimba ndipo amakulola kuziyesa usanalipire, n'chifukwa chake sindipita kwina. Fulashiyo inali yodzaza ma driver a makina osiyanasiyana, ndipo ine mwaphuma ndinangothira atatu motsatizana osachotsa woyamba. Pamenepo ndinadziwonjezera ntchito ndekha.

Chimene chinandisokoneza kwambiri n'choti audio interface yanga ya USB, kabokosi kolumikizira maikolofoni ku laputopu, imagwira bwinobwino pa ASIO (driver wa mawu wa ojambula nyimbo) mu Reaper, pulogalamu yomwe ndimajambulira. Ndinayamba kuganiza kuti chip ya mawu pa bolodi inapsa kalekale, wogulitsa anangondibisira. Pepani achimwene, ndinakunenani mumtima pachabe.

Tsiku lachitatu magetsi anazima kuyambira m'mawa, ndiye ndi batire lotsala pang'ono ndinakhala pansi n'kutsegula mofatsa Device Manager, pomwe Windows amaonetsa zipangizo zonse za m'makina. Pansi pa Other devices panali Multimedia Audio Controller ndi kachizindikiro kachikasu, Code 28, kutanthauza kuti palibe driver. Ndinali nditakaona kale kangapo, koma ndimati ndi Realtek yemweyo akudikira driver. Nditalowa mu Details n'kusankha Hardware Ids, manambala osonyeza chipangizo ndi kampani yomwe inachipanga, ndinaona PCI\VEN_8086. Amangwetu! 8086 ndi Intel. Realtek nambala yake ndi 10EC. Masiku onsewa ndimagogoda pakhomo lolakwika.

Nkhani yake ili motere. Pa malaputopu ambiri a m'badwo umenewu, codec ya Realtek, yomwe ndi chip ya mawu ija, imakhala kuseri kwa controller wa mawu wa Intel Smart Sound Technology (SST). Ngati controller ameneyu alibe driver, Windows saiona n'komwe codec, ndiye installer ya Realtek imasowa poti itere. Zinandikumbutsa desktop yanga yoyamba ya Windows XP, pomwe tinkayamba taika KB888111, UAA bus driver uja, mawu asanabwere. Nzeru yomweyo ndinali nayo kale, koma ndinaiiwala.

Kukonza kwenikweni kunatenga mwina ola limodzi. Choyamba kunali kusesa zinyalala zanga. Mu Command Prompt ya admin ndinalemba pnputil /enum-drivers kuti ndione ma driver onse amene anaikidwa, ndipo ma oem.inf (mafayilo a ma driver) a mawu ochokera pa fulashi ija anali ndandanda. Ndinawachotsa limodzilimodzi ndi /delete-driver komanso /uninstall, Wi-Fi nditaizimitsa kuti pasalowe china ndili mkati mosesa. Kenako ndinapita patsamba la kampani yomwe inapanga laputopuyo, n'kufufuza ndi nambala ya model yomwe ili pansi pa makinawo: driver wa chipset (ma chip akuluakulu a pa bolodi) poyamba, restart, kenako phukusi la audio la model imeneyo, lomwe muli Intel SST ndi Realtek pamodzi, restart. Hardware Id yatsopano inatulukira yoyamba ndi INTELAUDIO, mkati mwake muli VEN_10EC, ndipo mtanda wofiira uja unachoka.

Wina akakumana nazo, atsegulenso C:\Windows\INF\setupapi.dev.log n'kusaka mizere yoyamba ndi !!!, chifukwa ndi pomwe Windows amalemba chimene chakanika. Fayiloyo ndi yaitali ngati ulaliki wa pa Khirisimasi, koma ndikanaiwerenga Lolemba sindikanawononga mabandulo atatu.

Patsala kavuto kamodzi. Ndikamvetsera pa mahedifoni a laputopu nyimbo zomwe ndinajambula pa 44.1 kHz, pamamveka timaphokoso ngati mbuliwuli zikuphulika patali. Ndikukayikira kuti mbali ina yakhala pa 48 kHz, kapena buffer, pomwe mawu amayamba asungidwa kaye asanatuluke, ndaichepetsa kwambiri. Ndiziona mawa.

Windows 10 anasiya kulandira chithandizo pa 14 October 2025, ndiye tsiku lina ndiyenera kusamukira ku 11, koma panopa sindikufuna kukhudza chilichonse. Ma driver awiri aja, a chipset ndi a audio, ndawasunga pa fulashi yawoyawo n'kuimata pepala. Cholinga n'kujambula nyimbo 12 za kwaya chaka chisanathe, aliyense pa maikolofoni yake, m'chipinda chomwe sindinachimange n'komwe. Matiresi akale awiri alipo kale, kwatsala kuwanyengerera mayi kuti andipatse sitolo ya chimanga ija.