Loweruka la mkaka ndi mandimu

Lero m'mawa mlamu wanga anabwera kuchokera ku Bvumbwe atanyamula kachigubu ka malita 3 a mkaka wa ng'ombe wokamidwa mbandakucha. Magetsi anali atazima kuyambira usiku, ndipo ndinadziwa kuti ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala uno, mkakawo sukanafika madzulo usanasase. Amayi anga akanakhalapo akanati tiusiye ugone kuti ukhale chambiko, koma ana anga chambiko sachifuna n'komwe, choncho ndinaganiza zopanga tchizi chofewa, chofanana ndi chija amwenye amachitcha paneer.

Nditasefa mkakawo pa kansalu koyera, ndinautereka pa mbaula ya makala ochepa, ndikuvundula ndi mthiko kuti usapserere pansi pa poto. Ndinaudikira mpaka utawira ndithu, chifukwa mkaka wosaphitsa ukhoza kupatsira anthu chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi matenda ena, ndipo pa nkhani imeneyi sindichita ulesi ngakhale ng'ombeyo ikhale ya pachibale.

Nditaphula, ndinaleka mphindi zochepa kuti thovu litsike, kenako ndinayamba kuthira madzi a mandimu pang'onopang'ono, pafupifupi masupuni aakulu awiri pa lita iliyonse. Kuwawasa kwa mandimu ndi kumene kumachititsa kuti zomanga thupi za mumkaka zigwirane n'kupanga mibulu yoyera, madzi achikasu n'kupatukana nayo. Apa ndi pamene ndinalakwitsa chaka chatha: ndinavundula mwamphamvu ngati ndikuphika nsima, mibulu yonse n'kusweka kukhala tizidutswa tating'ono todutsa pa nsalu. Lero ndinangoyendetsa mthiko kawiri mofatsa, n'kuvundikira, n'kupita kukachapa mbale. Patatha mphindi 15 ndinapeza mibulu ikuluikulu ikuyandama, madzi ake atayera bwino.

Ndinayala nsalu yopyapyala pa sefa, n'kukhuthuliramo zonse, ndipo ndinatsukuluza pang'ono ndi madzi owiritsa ozizira kuti fungo la mandimu lichepe. Nditathira mchere, ndinamanga nsaluyo ngati kaphukusi n'kuipachika pa msomali wa kukhitchini kwa ola limodzi. Wofuna tchizi cholimba chotha kudula amachitsendereza ndi chinthu cholemera, koma ine ndimafuna chofewa chopaka pa buledi.

Mlamu wanga ataona zotsatira zake anadandaula kuti malita atatu athunthu angotulutsa kampira kosafika theka la kilogalamu. Sananame, koma madzi otsalawo sindinataye. Ena ndinakandira ufa wa mandasi, ena ndasungira phala la mawa. Masana tinadya tchizicho ndi mbatata yowotcha, tomato ndi anyezi, ndipo wodandaula uja ndiye anawonjezera kawiri. Magetsi ayaka cha m'ma 7 koloko madzulo ano, koma m'mbale mwatsala kachidutswa kochepa kwambiri moti palibe choika mufiriji.