Mmene ndinapikisanirana ndi makampani ogulitsa mchere

Amene akufuna kudziwa mmene boma limayendera kuno ku Indiana, m'dziko la America, asataye nthawi kuonera andale akukangana pa wailesi yakanema, koma apite m'mawa wina ku msonkhano wa makomishonala a county yake, chigawo chokhala ngati boma la Ntcheu kwathu. Dera lino lili ndi ma county 92, ndipo pafupifupi m'onsemo ntchito za tsiku ndi tsiku zili m'manja mwa anthu atatu okha, osankhidwa pa mavoti kuti atumikire zaka zinayi. Iwowa ndi amene amayang'anira misewu ya kumidzi, milatho, makalavati ndi nyumba za boma, ndiponso ndi amene amasaina makontirakiti ndi kuvomereza mabilu kuti alipidwe. Chikwama chenicheni chili ndi gulu lina, khonsolo ya county, imene m'madera ambiri imakhala ndi anthu 7, ndipo ndi imene imakhazikitsa bajeti. Ine amene ndinakulira ku Ntcheu, kumene msonkhano wa khonsolo umasonkhanitsa makhansala, aphungu, mafumu ndi bwanamkubwa, ndinkayembekezera khamu la anthu ndi zolankhula zazitali, koma ndinapeza azibambo awiri ndi mayi mmodzi akuvomereza ndalama zochuluka zedi mwachangu choopsa, aliyense atagwira kapu yake ya khofi.

Chimene chinanditengera kumeneko ndi bokosi la makalata. Kumpoto kwa Indiana chipale chofewa chimagwa mopanda chisoni chifukwa cha mphepo yodutsa pa nyanja ya Michigan, ndipo usiku wonse magalimoto a county amayenda m'misewu akukankhira chipalecho kumbali, kwinaku akuwaza mchere kuti msewu usaterere. M'mawa wina chakumapeto kwa nyengo yozizira ndinapeza bokosi langa litagona chagada m'ngalande, mzati wake utathyoka pakati. Woperekera makalata sasiya kalata pamene palibe bokosi, choncho mabilu onse ankandidikirira ku positi ofesi, ndipo amayi akunyumba anayamba kundifunsa tsiku lililonse ngati m'nyumba muno muli mwamuna.

Uphungu ndinakaupeza kwa alamu anga, amene anafika kuno ine ndisanabwere, ndipo pa chifukwa chimenechi amadziwika pakati pa Amalawi a dera lathu ngati katswiri wa malamulo onse a ku America, ngakhale kuti ntchito yawo ndi yosamalira okalamba. Iwo anandiuza kuti boma sililemekeza foni, limalemekeza kalata. Anati kalatayo ikhale yomatidwa bwino mu envulopu yaikulu ya khaki, kunja kwake ndilembe mutu wa nkhani kuti isasochere, ndipo ndalama zimene ndikufuna ndizilembe pamwamba penipeni ndi zilembo zikuluzikulu, chifukwa akuluakulu sawerenga kalata mpaka kumapeto. Ndinachita zonsezi mosaphonya. Pamwamba pa tsamba ndinalemba dzina langa ndi madola 58, amene anali mtengo wa bokosi latsopano ndi mzati wake, ndipo kunja kwa envulopu ndinalemba kuti kalatayo ikupita kwa makomishonala, nkhani yake ndi ya nthambi ya misewu, makamaka galimoto ya mchere.

Lamulo la Indiana limafuna kuti misonkhano yotere ikhale yotseguka kwa aliyense, ndipo chidziwitso chake chiikidwe poyera maola 48 msonkhano usanachitike. Ndondomeko ya zokambirana za tsikulo inali yomatidwa pakhomo, ndipo ndinaionadi, koma munthu wovala suti ya ukwati wake, amene akubwereza mumtima mawu oti akalankhule kwa akuluakulu a boma, alibe nthawi yowerenga mapepala a pakhoma. Ndinalunjika ku ofesi ya auditor, amene ndi mlembi wa makomishonala ndiponso wosunga maminitsi awo. Mayi wa pa kauntala anayang'ana envulopu yanga, kenaka anayang'ana wotchi, n'kundifunsa ngati inali ya nkhani ya mchere ya m'mawa womwewo. Ndinayankha kuti inde, ndipo mumtima ndinatamanda boma limene limadziwa dandaulo la munthu asanatsegule n'komwe pakamwa. Mayiyo anadinda chidindo cha tsiku ndi nthawi, anandiuza kuti ndachita mwayi chifukwa kunatsala mphindi zochepa kuti atseke, ndipo anaika envulopu yanga pamwamba pa ena atatu ofanana nayo. Ndinamva chisoni kuona kuti galimoto ija inagwetsa mabokosi a anthu ambiri chotere.

Msonkhano unayamba ndi kuimirira kulonjeza kukhulupirika ku mbendera, kenaka ntchito inayenda mwa mwambo wake. Komishonala mmodzi ankapereka ganizo, wina n'kuliikira kumbuyo, wapampando n'kufunsa ovomereza, onse atatu n'kuvomera, basi nkhani yatha. Mwa njira imeneyi anavomereza maminitsi a msonkhano wapitawo, malipiro a antchito, mabilu a mafuta ndi a chakudya cha akaidi, chilolezo choti kampani ina idutsitse chingwe cha intaneti pansi pa msewu, ndi pempho lotseka msewu wina kwa masabata angapo kuti asinthe kalavati. Pamene anakhalitsapo ndi pa nkhani yogula makina okopera mapepala, imene inatenga nthawi yaitali kuposa ya mlatho, ndipo ndaona kuti zimenezi n'chimodzimodzi m'makomiti onse a dziko lapansi, kuyambira ya mpingo mpaka ya maliro: ndalama zikachepa aliyense amakhala ndi maganizo, zikachuluka onse amangogwedeza mutu.

Pambali panga panakhala azibambo atatu ovala majekete okhala ndi zizindikiro za makampani, aliyense ndi kabuku pa ntchafu. Ndinawapatsa moni wachifundo monga anzanga m'mavuto, ndipo ndinanong'oneza mmodzi kuti asadandaule, zonse zikonzeka lero. Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku tayi, osayankha kanthu.

Kenaka wapampando analengeza kuti nthawi yakwana yotsegula makalata a mitengo ya mchere wa nyengo yozizira ikubwerayo. Pamene boma likufuna kugula katundu wa ndalama zambiri, limalengeza m'nyuzipepala, makampani amalemba mitengo yawo n'kuimata m'maenvulopu kuti wina asadziwe za mnzake, ndipo maenvulopuwo amatsegulidwa pagulu, mitengo n'kuwerengedwa mokweza. Kontirakiti imapita kwa wotchipa kuposa onse, malinga ngati angathedi kugwira ntchitoyo ndipo wakwaniritsa zonse zofunika. Zimenezi ndikuzifotokoza bwino lero, koma tsiku limenelo ndinangomva mawu akuti mchere, ndipo ndinakonza tayi.

Loya wa county anang'amba envulopu yoyamba, anawerenga dzina la kampani ndi mtengo wa tani imodzi, ndipo auditor analemba. Anachita chimodzimodzi ndi yachiwiri ndi yachitatu, ndipo mitengo yonse inali pamwamba pa madola 70. Ine ndinadabwa kuti anzangawa amagula kuti mabokosi odula chonchi, koma ndinaganiza kuti mwina awo anali achitsulo cholimba. Atatsegula yachinayi, loya anavutika ndi dzina langa mpaka analidula pakati, kenaka anawerenga momveka bwino kuti madola 58. M'chipinda munamveka kusuntha kwa mipando. Azibambo atatu aja anatembenukira kwa ine nthawi imodzi, ndipo mkulu wa nthambi ya misewu, amene kuyambira m'mawa ankaoneka ngati akusinza, anadzuka n'kuyamba kudina kakyuleta.

Wapampando anafunsa ngati mwini kalatayo alipo. Ndinaimirira, ndinapita pa maikolofoni, ndipo ndinayamba monga anandilerera makolo anga, kupereka ulemu kwa wapampando, kwa makomishonala anzake, kwa loya, kwa auditor ndi kwa onse amene anasiya ntchito zawo kudzamva nkhani imeneyi. Anandidula mwaulemu.

"Bambo, mtengo umenewu ukuphatikizapo mayendedwe?"

"Ukuphatikiza zonse, bwana wapampando. Ndidzanyamula ndekha pa galimoto yanga."

"Muli ndi magalimoto angati?"

"Imodzi, bwana, Toyota Corolla, koma mpando wakumbuyo umapindika."

Mayi komishonala anavula magalasi n'kundifunsa kumene katunduyo ndimamutenga. Ndinayankha moona mtima kuti ndinazungulira masitolo angapo a zipangizo zomangira, ndipo ndinasankha yotchipa kuti ndisalemetse boma. Mmodzi wa azibambo aja anatsokomola mwamphamvu. Mkulu wa misewu, amene tsopano anali maso kwambiri, anafotokoza kuti county imafuna matani masauzande angapo pa nyengo imodzi, ndipo anafunsa ngati ndingasunge mtengo womwewo mpaka mwezi wa Marichi. Funsoli linandipweteka mtima, chifukwa ndinamva ngati akundiuza kuti akonzeka kugwetsa bokosi langa mobwerezabwereza nyengo yonse. Ndinayankha mwaulemu koma molimba kuti ine ndikufuna kamodzi kokha, ndipo ngati madalaivala awo atamayendetsa mosamala, sadzandionanso m'chipinda chimenecho.

Nthawi yonseyi loya ankatembenuza pepala langa kufunafuna zikalata zimene zimayenera kutsagana ndi mtengo, monga chikole chotsimikizira kuti wopambana sadzathawa kontirakiti, ndi kalata yolumbira kuti sanapangane mitengo ndi opikisana naye. Atazisowa, anatsitsa maso n'kuyamba kuwerenga zimene zinali pansi pa nambala ija, ndipo popeza mwambo wake ndi wowerenga mokweza, anawerenga mokweza. Chipinda chonse chinamva kuti ndikukhulupirira kuti makomishonala ali bwino pamodzi ndi mabanja awo, kuti kwathu tonse tili bwino kupatula bokosi la makalata, ndiponso kuti bokosilo linatumikira banja langa mokhulupirika kufikira usiku umene linakumana ndi tsoka. Pamene anafika pa ndime yonena za mafunso a amayi akunyumba, mawu anamuthera, ndipo anabisa nkhope kuseri kwa pepala, mapewa akugwedezeka.

Chimene chinandigometsa n'chakuti ngakhale onse ankapukuta misozi, mwambo wa msonkhano sunasweke. Envulopu inali italandiridwa, kudindidwa ndi kutsegulidwa pagulu, choncho sikanangoponyedwa m'dengu. Loya analangiza kuti pakhale ganizo lokana mtengo wanga chifukwa chosakwaniritsa zofunika. Mayi komishonala anapereka ganizolo, mnzake analiikira kumbuyo mawu akunjenjemera, wapampando anafunsa ovomereza, ndipo onse atatu anavomera. Mitengo itatu yotsalayo anaipereka kwa mkulu wa misewu kuti akaiunike n'kudzabweretsa malangizo pa msonkhano wotsatira. Bambo amene ndinamunong'oneza uja anandigwira chanza mwamphamvu, n'kunena kuti pa zaka zake zonse za malonda a mchere sanachitepo mantha ngati m'mawa umenewo.

Nkhani ya bokosi inatha pa mphindi ziwiri m'khonde. Mkulu wa misewu anandiuza kuti madandaulo otere safika n'komwe kwa makomishonala, amangofuna foni imodzi ku ofesi yake, yomwe ija alamu anati boma siliilemekeza. Anafotokoza kuti nthambi yake imabwezera bokosi ngati chitsulo cha galimoto ndi chimene chaligunda, koma ngati lagwa ndi kulemera kwa chipale chokankhidwacho, ndiye kuti mzati unali wofooka kale, ndipo limenelo ndi vuto la mwini nyumba. Loya, pofuna kusonyeza kuti akadali pa ntchito, anawonjezera kuti ngati ndikufuna kusumira county, ndiyenera kupereka chidziwitso cholemba pasanathe masiku 180. Patapita masiku ochepa kunabwera mnyamata wa nthambiyo, anapeza utoto wa galimoto pa bokosi lophwanyikalo, ndipo anandisiyira latsopano ndi mzati wake, atandikumbutsa kuti a positi amafuna bokosi likhale m'mwamba pakati pa mainchesi 41 ndi 45 kuchokera pansi pa msewu.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepo, koma misonkhano ya county yathu imaulutsidwa pa YouTube, ndipo pali Mmalawi wina, amene sindinamudziwebe, amene anadula kachigawo ka Corolla n'kukaika pa gulu lathu la WhatsApp. Loweruka lotsatira pa phwando la mwana wa mnzathu, ndiwo zitachepa mchere, amayi onse a kukhitchini anatuma mwana kudzandiitana. Alamu, m'malo mopepesa, anaimirira pakati pa anthu n'kunena kuti safunsa anadya phula, ndipo anakumbutsa onse kuti bokosi ndinalilandira, kusonyeza kuti kalata yomatidwa bwino imagwira ntchito.

Maminitsi a msonkhanowo ali pa intaneti, ndipo dzina langa lili pa mzere wachinayi, pansi pa makampani atatu, pambali pake palembedwa madola 58 pa tani. Zikuoneka kuti wina mu ofesi anakopera mayina onse a pa mndandandawo n'kuwaika m'kaundula wa ogulitsa katundu, chifukwa mwezi watha ndinalandira kalata yondipempha kupereka mtengo wa miyala yothira m'misewu ya fumbi. Amayi akunyumba anaiwerenga mofatsa mpaka kumapeto, anafunsa kuti tani ya miyala imapita pa ndalama zingati, ndipo panopa akukambirana ndi alamu za kubwereka lole.